Liwiro limene kwawo kunalibe

Kwawo kwa amuna anga anthu sathamanga. Sikuti ndikuwanena ayi, amanena okha, ndipo amanena monyadira. Amati munthu wothamanga ndi wakuba, kapena wamantha, kapena amene watsegula m'mimba. Apongozi anga aamuna akuti tsiku lina njuchi zinawagwera kudimba, iwo n'kubwerera kumudzi akuyenda bwinobwino, khasu lili paphewa, nkhope itatupa ngati dzungu, akupereka moni kwa aliyense m'njira. Nkhani imeneyi ndinaimva tsiku lomwe ndinakaonekera kwawo, ndipo anaikamba monga mmene ena amakambira za agogo awo amene anapha nyalugwe.

Amuna anga anatengera komweko. Pa zaka zija boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe kuno, malole odzaza madesiki ndi makabati akudutsa tsiku ndi tsiku, iwo anapeza ntchito yosamalira maluwa ku Area 12, kwa abwana ena amene anabwera ndi msamuko womwewo. Ntchitoyo inawayenera, pakuti maluwa sathawa. Ankagwira payipi ya madzi n'kuima pamalo amodzi mpaka nthaka itakhuta, kenaka n'kusuntha phazi limodzi, linzakelo n'kulisiya lisankhe lokha nthawi yobwera. Adona ankawakonda chifukwa sanapondepo duwa. Ife tinkakhala kuseri, m'kanyumba ka antchito, pafupi ndi mpanda wa mitengo.

Tinali ndi ana awiri. Wamng'ono anali wamwamuna, wonenepa, wofatsa. Ukamukhazika pamphasa m'mawa, masana unkamupeza pomwepo akuyang'anitsitsa chala chake. Wamkulu anali wamkazi, wa zaka ngati zisanu, ndipo ndiye anatibweretsera mlandu. Mwana ameneyu sanaphunzire kuyenda, anangoyamba ndi kuthamanga. Nkhuku za adona zikamuona zinkangokhala pansi, podziwa kuti kuthawa n'kutaya nthawi. Galu wa abwana, chigalu chachikulu chodya nyama ya kubutchala, poyamba ankasewera naye, koma pambuyo pake ankati akamva mawu ake n'kukabisala pansi pa galimoto, lilime lili panja.

Amuna anga ali ndi mlongo wawo wamkulu, amene ndizingowatchula kuti azakhali monga ankawaitanira ana. Ankagulitsa mandasi pafupi ndi depoti ya mabasi ku tauni yakale, ndipo Lamulungu lina ndi lina ankabwera kudzationa. Ankanyamuka akangoweruka kutchalitchi n'kufika kwathu dzuwa litapendeka. Akafika ankanyamula wamng'onoyo n'kumamupsompsona.

“Uyu ndiye wathu weniweni,” ankatero. “Taonani mmene wakhalira phee. Ngati abambo athu ndithu.”

Za wamkuluyo sankanena kanthu, ankangomutsatira ndi maso mpaka khosi kuwawa.

Pamenepa ndiyenera kutchula bambo wina. Titangokwatirana, ntchito ya ku Area 12 isanapezeke, tinkachita lendi kachipinda kuseri kwa telala wina wachisilamu ku tauni yakale. M'chipinda choyandikana ndi chathu munkakhala mesenjala wa kuboma, munthu wamtali, miyendo ngati nsungwi, amene ankapita nawo ku mipikisano yothamanga. Ine sindinayankhulepo naye mawu ena kuposa “ndadzuka bwino, kaya inu,” ndipo ngakhale amenewo ndinkauza mapazi ake, chifukwa nkhope yake sindinaiyang'anepo. Ndinabadwa wamanyazi. Munthu akandifunsa kanthu, chala changa cha kuphazi chimayamba kulemba pansi, pakamwa n'kumatafuna nsonga ya chitenje.

Maofesi atasamukira ku City Centre, mesenjala uja anayamba kumadutsa mumsewu wa kutsogolo kwathu atavala kakabudula, akuthamanga yekhayekha popanda womupirikitsa. Akuti kumeneko kunali kukonzekera mpikisano. Lamulungu lina anadutsa azakhali ali pamphasa. Mwana wanga wamkulu uja atangomva mapazi, analumpha n'kuyamba kuthamanga m'kati mwa mpanda, bamboyo kunja, iye m'kati, phewa ndi phewa mpaka pakona. Bamboyo anaseka n'kukweza dzanja.

“Kamwana aka ndi mphepo!” anafuula, n'kumapita.

Azakhali anayang'ana miyendo ya bamboyo mpaka itazimiririka. Anayang'ana miyendo ya mwana. Kenaka anayang'ana ine.

“Alamu, bambo ameneyu si uja wa kwa telala?”

“Ndi omwewo,” ndinayankha, maso ali pansi.

“Eya. Ndimayesa maso anga akalamba.”

Anaitanira mlongo wawo kuseri kwa mulu wa manyowa kuti akanong'onezane, koma azakhali anazolowera kuitanira malonda padepoti, kunong'ona kwawo kumamveka mpaka kumsewu.

“Iwe mlongo wanga, kodi nyemba zimabala nzama? Kwathu ndani anathamangapo? Tchula mmodzi yekha.”

Amuna anga anaganiza nthawi yaitali. “Nanga amalume aja anathawa amsonkho?”

“Anawagwirira pakhonde pomwepo, mwendo umodzi uli m'nyumba! Ndikuti liwiro limeneli kwathu kulibe. Ndipo mkazi wakoyu ukumuona wekha mmene amayendera. Ndiye mwanayu walitenga kuti?”

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu munalowa chisanu. Amuna anga si munthu wokalipa. Ankangokhala pakhomo madzulo n'kumayang'ana miyendo ya mwana, kenaka n'kukweza buluku lawo kuyang'ana yawo, n'kupumira m'mwamba. Mwana akawathamangira kuti amunyamule, ankati manja ali ndi dothi. Patapita masabata angapo anandiuza, akuyang'ana kumbali, kuti azakhali akuti ndibwerere kwathu ndi mwanayo mpaka nkhaniyi ioneke mutu wake. Ine ndinkadziwa kuti mkazi amene wapita kwawo mwa njira imeneyi sabwereranso. Komanso kwathu kwake kuti? Mudzi wathu anali atausamutsa kuti pamalopo pamangidwe mzinda, ndipo kumene anthu anapatsidwa malo atsopano ine ndinalibeko ngakhale mzere umodzi wa munda.

M'mawa wina ndinalimba mtima. Anali akunola chikwakwa chotchetchera udzu. Ndinagwada chapatali.

“Abambo ake, liwiro limene mukulifunafunalo ndi langa.”

Anasiya kunola. Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kuika chikwakwa pansi kuopa kudzicheka. Kanali koyamba kuseka chiyambire nkhaniyo.

“Inu? Amake mwana, inu amene mumayenda ngati mwasenza lichero la mazira? Nkhuku yomwe imakupitirirani!”

Sindinawadzudzule, pakuti chilowereni m'banja anali asanandionepo ndikuthamanga. Koma ndili mtsikana, munda wa abambo anga unali m'mphepete mwa nkhalango, ndipo ntchito yopirikitsa apusi inali yanga. Mbuzi ikadula chingwe ankaitana ine. Mvula ikamabwera ufa uli poyanika kutsidya, ankaitana ine. Anyamata a msinkhu wanga anasiya kupikisana nane, ankati miyendo yanga ndi yotemera mankhwala. Kenaka ndinakula, amayi achikulire a mumpingo n'kundikhazika pamphasa kundilangiza. Mwa zambiri zimene ananena, panali ichi: munthu wamkazi akakula sathamanga pamaso pa amuna, makamaka pamaso pa apongozi ndi alamu, chifukwa thupi limagwedezeka ndipo ulemu umagwa. Anzanga ena malangizo amenewa anawasiya pamphasa pomwepo. Ine ndinawanyamula onse. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, ndipo mwina n'chifukwa chake amuna anga anandikonda pamene anandiona koyamba ndikuchokera kuchigayo. Anaona ngati apeza munthu wa kwawo.

Nditaona kuti mawu anga sakulemera, ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga, amene ndiwo ankhoswe anga. Ankagwira ntchito ku City Centre kumene ankamanga maofesi ataliatali, koma osati yosenza njerwa ayi. Ankasunga kiyi wa sitolo ya simenti, atakhala pampando tsiku lonse, ndipo masese a Loweruka anali atawamangira kamimba kotsogola. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa achimwenewa ankadziwa zonse. Kangati konse ndinkawasiya m'mbuyo pobwera kumunda, iwo n'kudzandikutumula atandipeza kunyumba?

Tinakumana Lamulungu masana kuseri kwa kanyumba kathu, abwana ndi adona atapita ku Zomba kukaona abale. Kuti pakhale munthu wapakati, tinaitana mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, bambo wachikulire amene analinso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Anabwera ndi jekete yake ya ulonda, wezulo ili m'khosi. Atapemphera, azakhali anayala nkhani yonse, kuyambira njuchi za apongozi mpaka kabudula wa mesenjala. Ine ndinali nditakhala chakumbali, wamng'ono ali kumsana, ndikudikira kuti achimwene anene zoona.

Achimwene anatsokomola n'kuwongola kolala.

“Nkhani iyi ndi yaing'ono. Liwiro limeneli ndi lakwathu. Nanga mwana satengera malume wake? Magazi a kuchikazi amenewo. Ine mukundionayu, pa unyamata wanga ndinagwirapo gwape ndi manja.”

Ndinadzutsa mutu. Gwape ameneyo ndinkamudziwa. Anali atakodwa kale pamsampha wa abambo.

“Ndi mimba imeneyo?” anafunsa azakhali.

“Mimba ndi ya pantchito, mayi. Miyendo ndi yobadwa nayo.”

“Inetu ndikuona mimba yokha. Miyendoyo mwaisiya ku sitolo ya simenti?”

Mkulu wa mpingo uja anakweza dzanja. Anati pakamwa sipathamanga, ndipo msewu ulipo. Ngati liwiro lilidi m'magazi a kuchikazi, amalume a mwana apikisane ndi bambo a mwana, anthu aone. Amalume akapambana, nkhani yatha, mwana watengera kwa amake. Onse anavomera kuti amenewo ndiwo maweruzo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zoyesa mayi wa mwanayo, amene anali atakhala pomwepo. Kuthamangitsa munthu wamkazi, wa mwana kumsana, pamaso pa alamu ake? Ngakhale ineyo sizinandibwerere m'mutu. Ndinkangopemphera kuti kamimba ka achimwene kapepuke.

Kuseri kwa mapuloti athu kunali msewu watsopano umene anali atangoulambula, wofiira, wowongoka, wopanda nyumba m'mbali, zikhomo zokhazokha zosonyeza pamene adzamange. Pamene unayambira panali chigireda cholambulira msewucho, chimene anachisiya poweruka Loweruka, ndipo kutsogolo, patali ndithu, kunali chulu chachikulu. Anagwirizana kuti ayambire pachigireda n'kukathera pachulu. Sindikudziwa amene anafalitsa, koma pofika ife n'kuti alonda, akhukhi, anzawo a amuna anga a m'maluwa ndi atsikana olera ana a m'nyumba zonse za mumzerewo atandanda kale m'mbali mwa msewu. Ku Area 12 Lamulungu kumakhala zii, ndiye anthu akamva kanthu sachedwa.

Achimwene anavula nsapato, anavula malaya, anapinda buluku mpaka m'maondo. Anadumphadumpha, kupukusa manja, kupotoza khosi uku ndi uku, atsikana aja n'kumawombera m'manja. Amuna anga anangovula chipewa n'kupatsa azakhali.

Wezulo inalira. Achimwene anachoka ngati mwala wa legeni, fumbi kobo, mimba ikupita kumanzere iwo akupita kumanja. Amuna anga anatembenukira kwa mkulu wa mpingo.

“Tiyambe?”

“Pitani bambo, mnzanu wapita kale!”

Ananyamuka monga imanyamukira ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga. Ine mtima unayamba kudumpha ndi chimwemwe, chifukwa mpata unali waukulu. Koma atafika pakati, achimwene anakuwa, “Mayo ine! Mtsempha!” Anagwira kuseri kwa ntchafu, anadumpha ndi mwendo umodzi kangapo, kenaka anakhala pansi pakati pa msewu, miyendo tambalale. Amuna anga anabwera ndi kaliwiro kawo komweko, osawonjezera, osachepetsa. Atawapeza anaima.

“Mwatani alamu? Ndikudzutseni?”

“Pitirirani inu!” anthu anakuwa. “Ndi mpikisano umenewu, si maliro!”

Anapitirira, nakagwira chulu. Chibadwire anali asanapambanepo pa chilichonse chofuna miyendo. Anakweza manja onse awiri m'mwamba, mano onse ali pamtunda, mpaka anavinako pang'ono. Anzawo a m'maluwa anaimba malikhweru. Anabwerera akuyenda ngati mkwati, akugwirana chanza ndi anthu. Ndiyeno anaona nkhope ya mlongo wawo, n'kukumbukira chimene ankathamangira. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono, monga chimachitikira chilichonse kwawo.

“Mwaona nonse ndi maso anu!” anatero azakhali, akuwomba m'manja kamodzi. “Kwathu kulibe. Kwawo nakonso kulibe, katswiri wawo ndi uyo wakhala apoyo, wagonja kwa munthu amene anaima panjira kupereka moni. Ndiye liwiro la mwanayu latuluka kuti? Lagwa ndi mvula?”

Anthu anaseka, ena n'kumandiyang'ana cham'mbali. Mkulu wa mpingo anayamba kukanda m'mutu. Pamenepo ndinamva kadzanja kakukoka chitenje changa. Anali mwana wanga. Nthawi yonseyi anali akuzungulira chigireda, ndipo ine ndinkayesa sakumva kanthu.

“Amayi, akuti ine ndine wa ndani?”

Ndinamasula wamng'ono kumsana n'kupita naye kwa azakhali.

“Uyu mumati ndi wanu. Tagwirani.”

Anamulandira mosadziwa chimene akuchita, pakuti anali asanamvepo mawu ochuluka chotero kuchokera pakamwa panga. Chitenje choberekera chija ndinachimanga zolimba m'chiuno, pamwamba pa diresi. Kenaka ndinapita kwa mkulu wa mpingo n'kugwada, monga ndinaphunzitsidwira.

“Ndikupempha ndithamange ndi abambo ake.”

“Mwati bwanji, mayi? Kwezani mawu.”

Ndinabwereza. Amene anali pafupi anauza anzawo, ndipo chikhakhali chinayenda mumzere wonse mpaka kwa achimwene. Khukhi wina anati, “Mayi, kumeneko kulibe chitsime, mukatungako chiyani?” Nkhope yanga inatentha ngati ndaiyandikiza pambaula. Ndikanakhala ndi mphamvu yobwerera pamene ndinakhala, ndikanabwerera, koma mwana anali ataima pomwepo akundiyang'ana.

“Si chilungamo,” anatero azakhali. “Mlongo wanga watopa, wangomaliza kumene kupambana.”

Mkulu wa mpingo anagamula kuti, poti atopa, amuna anga akayambire pakati, pamene panakhala achimwene, ine ndiyambire pachigireda. Amuna anga anapita akupukusa mutu. Atafika, tinamva mawu a achimwene kuchokera pansi paja.

“Alamu, sunthirani kutsogolo.”

Anasuntha pang'ono.

“Sunthiraninso. Ndikukuuzani ine, ameneyo ndimamudziwa. Pitani mpaka pachikhomo icho!”

“Si mumati katswiri ndinu?” anafuula azakhali.

“Zimenezo tikamba bwino, mayi. Alamu, musayang'ane m'mbuyo, mukangomva wezulo dziperekeni kwa Mulungu!”

Ndinaima pafupi ndi tayala la chigireda. Ndinakweza diresi pang'ono, kufika m'maondo, ndipo ndinamva atsikana aja akuti “Iii!” Ndinayang'ana chulu chokha. Wezulo inalira.

Mapazi oyamba anali olemera, ngati a munthu wina. Kenaka china chake chinamasuka m'chiunomu, ndipo miyendo inakumbukira yokha. Dothi la msewu watsopano linali lofewa, lofunda, ngati la m'munda wa abambo mvula yoyamba isanagwe. Mphepo inalowa m'makutu, duku linachoka kumutu, ine osalitola. Ndinadutsa achimwene akadali kukuwa kuti alamu awo alimbike. Msana wa amuna anga unayamba kukula patsogolo panga, malaya atanyowa ndi thukuta, zigongono zikugwira ntchito yambiri kuposa miyendo. Ndinawapitirira chulu chikadali patali. Ndinangomva kamawu kumbuyo kwanga, kodabwa, kaulemu:

“Amake?”

Ndinafika pachulu. Apa ndi pamene ndinayenera kuima. Koma kumbuyo kunabuka nthungululu, malikhweru, wezulo ikulira mosalekeza, wina akumenya chitini. Ndinaganiza zotembenuka n'kuyenda msewu wonse uja kubwerera, maso onse aja ali pa ine, mutu uli pamtunda, maondo anga ataonedwa ndi alonda a Area 12 yonse. Ndinaona kuti sindingathe. Choncho sindinaime. Ndinazungulira chulu, ndinalowa kanjira ka m'tchire kodutsa kuseri kwa mapuloti, liwiro la mtondo wadooka, ndinalumpha ngalande, ndinalowa pa kageti ka kumbuyo, mpaka m'nyumba. Ndinatseka chitseko n'kukhala pansi nditachitsamira, nkhope ndaphimba ndi chitenje.

Ndisanapume n'komwe, ndinamva timapazi panja, kenaka kugogoda cham'munsi mwa chitseko. Ndinatsegula pang'ono. Anali mwana wanga, fumbi mpaka m'nsidze, duku langa lili m'manja, akupuma wefuwefu koma akuseka.

“Amayi, tibwerezenso!”

Pambuyo pake atsikana olera ana aja anandiuza kuti nditangonyamuka, iyenso ananyamuka pambuyo panga, ndipo nayenso anawapitirira abambo ake. Akuti tinkathamanga mofanana, mutu utapendekera kumanzere, manja atafumbata, moti khukhi wonyoza uja ndi amene anayamba kufuula kuti, “Make mbuu, mwana mbuu!”

Tinakhala m'nyumbamo awiriwiri nthawi yaitali, pakuti otitsatirawo anali a kwawo kwa amuna anga. Ndinamusambitsa mwana kumaso, ndinavala duku, ndinasesa m'nyumba ngakhale munali mosesa kale. Dzuwa litayamba kufiira ndinamva kulira kwa wilibala. Ndinasuzumira pawindo. Amuna anga ankakankha wilibala ya abwana, m'katimo muli achimwene, mwendo umodzi uli m'mwamba, nsapato zili pamimba. Pambuyo pawo azakhali ndi wamng'ono, ndi mkulu wa mpingo. Ndinatsekanso chitseko.

“Amake mwana, tsegulani.”

Amuna anga anagogoda.

“Tsegulani, sindikukupirikitsani ayi. Ndingakupezereni kuti ine?”

Ndinamva mkulu wa mpingo akuseka chapansipansi. Ndinatsegula, n'kutuluka ndi mphasa, maso ali pansi. Amuna anga ankangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati katundu amene anagula kalekale osamumasula.

“Zaka zonsezi,” anatero potsiriza, “mvula ikatipeza panjira tinkanyowera limodzi. Chikhalirecho inu mukanatha kukafika kunyumba musananyowe?”

“Ndikanakusiyani bwanji nokha?” ndinayankha, ndikutafuna chitenje.

Azakhali anakhala pamphasa, nandipatsira wamng'ono osandiyang'ana. Kenaka anaitana wamkuluyo.

“Iwe, tabwera kuno. Ima. Ndati ima, usagwedezeke.”

Anamukhazika pamiyendo pawo, natenga phazi lake n'kulipukuta fumbi ndi chitenje chawo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kulitembenuza uku ndi uku ngati akusankha mbatata pamsika.

“Mlongo wanga, bweretsa phazi lako apa.”

Amuna anga anaika phazi lawo pamphasa, pafupi ndi la mwana. Tonse tinawerama, mpaka achimwene anasuzumira ali m'wilibala. Chala chachiwiri cha amuna anga n'chachitali, ndipo chimakwera pamwamba pa chachikulu. Cha mwana chinali chimodzimodzi, kachala kakang'ono kokwera pa kanzake. Azakhali anatulutsanso phazi lawo. Nalonso linali lotero.

“Chala cha amayi athu ichi,” anatero, mawu ali amphamvu ngati nkhaniyo ayiwina ndi iwo. “Mtundu wonse wa kwathu uli nacho. Mwana uyu ndi wathu, angakane ndani?”

“Palibe amene amakana kupatula inu, mayi,” anatero mkulu wa mpingo.

“Nanga ndikanachiona bwanji? Mwana wake saima malo amodzi!”

Sanapepese, ndipo ine sindinayembekeze kuti apepese. Anangoti, “Alamu, tipatseniko madzi akumwa, mwatiyendetsa,” ine n'kukatunga, n'kuwapatsa nditagwada. Amuna anga anakhala pansi, mwana ali pamiyendo pawo, akufanizirabe mapazi, phazi lamanja, kenaka lamanzere, kenaka lamanjanso. Mawu akuti ndibwerere kwathu sanamvekenso pakhomo pathu.

Mkulu wa mpingo atatseka ndi pemphero, tonse tinati ameni. Kenaka m'wilibala munachokera mawu.

“Ndinanena ine kuti liwiro limeneli ndi lakwathu.”

Amuna anga anadzuka, nagwira zigwiriro za wilibala, n'kuyamba kuwakankhira achimwene kumsewu waukulu kuti akakwere basi.